Mkamwini Pansi, Ine M'mwamba

Pali zinthu zimene mayi wamsinkhu wanga sayenera kuchitira pamwamba pa mutu wa mkamwini wake. Ine ndinazichita, Loweruka lina ku Leicester.

Mwamuna wa mwana wanga Tadala ali ndi misala yokwera mapiri a madzi oundana. Popeza kwathu kuno ku Wigston, pafupi ndi Leicester, kulibe phiri (chulu chomwe kulibe), amakayeserera m'chinyumba china chachitali: khoma lamatabwa, timabampu tomamatiza, ndi tinkhwangwa tiwiri tokhota tokolera pa timabampupo. Ine ndi iyeyo tinkasungirana ulemu wakumudzi. Sitinkayang'anana m'maso, dzina lake sindinkalitchula, ndipo mawu onse ankadzera mwa Tadala, ngakhale titakhala pa sofa imodzi.

Chinandipachika ndi pakamwa. Nditanena kuti munthu wonyamula nkhalamba kuntchito tsiku lonse ngati ine sangaope kakhoma, Tadala anandilembetsa kuti ndikakwere.

Tsikulo Tadala anandivula chitenje, n'kundimanga malamba m'chiuno ndi m'ntchafu (thalauza ndinali nayo, musaganize zambiri). Chingwe chonditeteza anagwira mkamwini, poti ndiye katswiri. Ndinakwera bwino ndithu, kola apa, ponda apo. Ndili chapamwamba, foni ya Tadala inalira.

"Amayi, ndi kuwodi kwathu kuchipatala, mwina akufuna ndikakavale shifiti ya mnzanga. Ndikubwera," anatero uku akutuluka.

Apo mpamene mikono inayamba kuuma. Ndinasuzumira pansi. Mkamwini chingwe ali nacho, koma maso ali pa nsapato zake. Mwana woleredwa bwino angayang'ane bwanji apongozi ake kuchokera kunsi?

Ndinatsokomola. Nayenso anatsokomola, mwaulemu.

Ndinauza khoma: "Anthu ena akadadziwa kuti munthu watopa kuno."

Iye anayankha nsapato: "Anthu ena atapuma pang'ono angapitirize. Akuchita bwino kwambiri."

Kankhwangwa kamodzi kanandipulumuka, n'kumalendewera pa kachingwe kake. Kunena zoona ndinachita mantha, mantha enieni, ndipo ulemu umene ndinausunga chikwatiwire Tadala ndinauona kuti sungandifikitse pansi.

"Iwe Limbani! Yang'ana kuno, unditsitse!"

Dzina, "iwe" pamwamba pake, chinyumba chonse chikumva. Anayang'ana. Ananditsitsa pang'onopang'ono, ine ndikuzungulira ngati thumba la chimanga pa sikelo. Nditaponda pansi anagwada n'kuomba m'manja, azungu ali kukamwa yasa. Tadala anatipeza choncho, ndipo anaseka mpaka misozi.

Chiyambire tsikulo manyazi anatha, ndipo ndatulukira kuti mnyamatayu ndi wolongolola. Amandilondola mpaka kukhitchini: "Amayi, vuto lanu ndi giripi basi, manja sakugwira zolimba. Tikapulakitise Lachinayi?" Anandikhomeranso chithabwa cholendewerapo pamwamba pa chitseko. Makolo poika mwambo uja ankadziwa chimene ankatitchinjiriza.

Koma Tadala akakhala kuntchito, ndi iyeyo amene amandiimbira kufunsa ngati ndadya. Ndimamuyankha ndekha.