Tsiku Limene Ndinatulutsa Mlamu Wanga M'bwalo

Mpaka lero ndikapita pa Kachulu kukagula matemba, amayi ogulitsa amandilonjera mwaulemu ndithu, koma ndikangotembenuka ndimamva kaphwete kumbuyo. Sindiwaimba mlandu. Zimene ndinachita pabwalo lija Loweruka lina nthawi ya dzinja, ndikanakhala woonerera nanenso ndikanaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndiyambe n'kuulula chimene ndinabisa kuyambira ubwana wanga. Maso angawa sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Zonse ziwiri ndimaziona ngati khungu la mlamba wowamba. Ndili wamng'ono akandituma kudimba kukathyola tomato ndinkabwera ndi wosapsa, mayi n'kumati ndi mwano. Ndinakula, ndinaphunzira uphunzitsi, ndinakwatira, osauzako munthu. (Akazi anga ankangoti sindidziwa kutchena. Ndinawasiya aziganiza choncho.)

Tsono bungwe lina linabweretsa kwathu kuno masewero a ragibe, mpira uja wooneka ngati papaya, umene umathamanga nawo uli m'manja anzako n'kumakugwetsa. Anaitana aphunzitsi ku Zomba kuti akaphunzire masiku atatu, ndipo ahedi anasankha ine chifukwa pasukulu ponse ndine ndinali ndi nsapato zothamangira. Kumeneko wotiphunzitsa ananena mawu amene ndimawakumbukira bwino lomwe.

“Woyimbira saitana wosewera ndi dzina,” anatero. “Amatchula mtundu wa jezi ndi nambala. Ofiira nambala faifi, obiriwira nambala thuu. Majezi akafanana, musayambitse masewero. Timu imodzi isinthe, apo ayi yang'anani makabudula ndi masokosi.”

Ndinalemba zonsezi m'kope, n'kudula mzere kunsi kwake.

Nditabwerera ndinayamba kuphunzitsa anyamata a pa Kachulu, mnzanga wina n'kumaphunzitsa a ku chilumba cha Chisi. Patapita miyezi iwiri anakonza zoti matimu awiriwa akumane, ine ndikhale woyimbira. Apa muyenera kudziwa kuti akazi anga ndi a ku Chisi. Mlamu wanga Mailosi ankasewera timu ya kumeneko, ndipo apongozi anga aamuna anawoloka pa boti ya injini atavala jekete, n'kupatsidwa mpando kutsogolo. Bambo amenewa sanakhutirepo nane, mkamwini wosatha n'kupalasa bwato komwe. Ndinati lero aona kuti nanenso ndikaimba wezulo anthu amaima.

Majezi anafika m'mawa womwewo m'matumba awiri. Anyamata atavala n'kundanda pakati pa bwalo, asanu ndi awiri uku, asanu ndi awiri uko, ndinawayang'anitsitsa. Onse khumi ndi anayi anali mlamba wowamba. Ndinayang'ana makabudula, onse akuda. Ndinayang'ana masokosi, ndinapeza mapazi.

“Mwaona kukongola kwake, aphunzitsi?” anatero bambo wina wa kubungwe lija. “Ofiira ndi obiriwira, makabudula akuda. Mbendera yathu yeniyeni.”

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula. Ndinayang'ana apongozi pampando paja.

“Zokongola kwambiri,” ndinatero, n'kuimba wezulo.

Nzeru yanga yoyamba inali ya nkhope. A pa Kachulu ndinkawadziwa onse, ndiye amene sindikumudziwa bwino ndi wa ku Chisi. Koma mvula inali itagwa m'bandakucha, ndipo bwalo lija lili m'mbali mwa dambo, dothi lake lakuda lomata. Ragibe ndi masewero ogwetsana. Pasanathe mphindi zisanu nkhope zonse zinali matope, kungotsala maso ndi mano.

Ndinapeza nzeru yachiwiri: amene akuthamangira kunyanja ndi a ku Chisi, ngati akupita kwawo, amene akuthamangira kumsewu wa ku Zomba ndi a pa Kachulu. Imeneyi inandithandiza ndithu, mpaka ndinayamba kuwongola mapewa. Vuto n'lakuti m'masewerowa munthu akagwa ndi mpira, anzake amamuunjikira pamwamba ngati matumba a mpunga, ndipo pamulu woterowo palibe amene amayang'ana kunyanja kapena kumsewu.

Nzeru yachitatu ndikuchita nayo manyazi. Ndinakumbuka kuti anyamata a pa Kachulu ambiri amagwira ntchito yowamba nsomba, ndiye ndinawerama pamulu paja n'kuyamba kununkhiza. (Sindinaganize kuti ku Chisi nakonso amawamba nsomba zomwezo ndi nkhuni zomwezo.) Mutu wina unatuluka pansi pa mulu.

“Aphunzitsi, mwataya chiyani?”

“Sewera mpira iwe.”

Zitakanika zonsezi ndinabwerera ku uphunzitsi. Ndikaona cholakwa ndinkaimba wezulo n'kunena mwaukali kuti, “Amene walakwa akudzidziwa yekha.” Ulendo woyamba mnyamata wina wa tchalitchi anakweza dzanja. Ulendo wachiwiri onse anangoyang'anana.

Komabe chigawo choyamba chinatha popanda ndewu. Chachiwiri matimu anasinthana mbali, monga mwa lamulo, ndipo ine ndi mutu wanga wotentha ndinaiwala. Anyamata a ku Chisi atathamanga bwino n'kukagwetsa mpira kuseri kwa mzere, kumene ndiko kugoletsa kwake, ine ndinalengeza mokweza kuti Kachulu yagoletsa. Anthu a pa Kachulu anaomba m'manja mokayikakayika. Oonerera a ku Chisi anayamba kusuntha kuyandikira bwalo.

Kenaka pamulu wina ndinaona chibakera chikutsika, ndipo pamsana pa mwini chibakeracho panali nambala faifi. Ndinaimba wezulo mwamphamvu. Mulu utaphwasuka, patsogolo panga panaima anyamata awiri amatope okhaokha, onse nambala faifi.

Anthu anayesetsa kundithandiza, ndisaname. Bwalo lonse linkakuwa kuti, “Wofiirayo! Wamenya ndi wofiirayo!” Ine ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyo. Wina anali ataima phee manja kumbuyo, winayo akupuma mwaukali atatong'ola maso. Ndinati wankhanza ndi wolusayu basi. Ndinatulutsa kadi lofiira, limene ndinalidinda chizindikiro pakona kuti ndizilidziwa, n'kumulozera kunja.

Mnyamatayo anapukuta nkhope ndi jezi pang'onopang'ono. Mlomo unali utatupa. Anali Mailosi.

“Alamu,” anatero motsitsa mawu, “andimenya ndine, mlomo ndi uwu mukuwuona. Ndiye mukutulutsanso ine?”

Apongozi anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete. A ku Chisi anayamba kuvula majezi, ena akuti tiyeni kumaboti, mkamwini wagulitsa masewero. A pa Kachulu nawo ankati bwerani mudzanene pafupi. Anthu amenewa amakumana padoko tsiku lililonse, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi sithera pabwalo.

Amene anandipulumutsa ndi Abiti Juma, mayi wopikula matemba amene mbali zonse ziwiri zimamuopa chifukwa onse amagulitsa kwa iye. Analowa m'bwalo osafulumira, matope akumata m'mapatapata, n'kuima patsogolo panga. Anagwira nsonga ya nsalu imene anavala.

“Aphunzitsi, nsalu yangayi ndi ya mtundu wanji?”

Ndinaiyang'ana nsalu ija nthawi yaitali, ngati ndikuwerenga kalata.

“Yofiira, mayi.”

Phokoso limene linatsatira, ndikhulupirira analimva ali ku Chisi. Ena anakhala pansi m'matope momwemo. Ngakhale Mailosi anaseka atagwira mlomo wake wotupawo.

“Achimwene anga analinso chonchi,” anatero Abiti Juma atatembenukira kwa anthu. “Sikuti aphunzitsiwa akukondera ayi. Sakuona. Tabweretsani thumba loyera lija.”

Anang'amba thumba la ufa timizeremizere, n'kumanga pamutu pa anyamata onse a ku Chisi. Mailosi anabwerera m'bwalo, womenya uja anatuluka, ndipo zigoli anandiwerengera ndi amayi a matemba chifukwa za m'kope langa zinali zosathandiza. Mphindi zotsalazo ndinayimbira bwino kwambiri, kungoti palibe amene amazikumbukira. Chisi inapambana.

Madzulo ndinaperekeza apongozi kudoko, ndikuyenda kumbuyo pang'ono. Tili pafupi ndi boti anaima, osandiyang'ana.

“Aphunzitsi, chaka chatha ndinakutumani ku Zomba penti wobiriwira wa bwato langa.”

“Eya, bambo.”

“Munabwera ndi wofiira. Ndinapaka, poopa kuvutitsa mwana wanga. Chaka chathunthu ndakhala ndikupalasa bwato lofiira n'kumati mkamwini ameneyu amandiderera.” Anapukusa mutu, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. “Mukanangonena, bambo. Ndi matenda ngati ena onse.”

Anakwera boti akusekabe, ndipo sabata yotsatira ananditumizira milamba inayi.

Ndinaphunzirapo kuti chinthu ukachinena wekha anthu amaseka tsiku limodzi, koma akachitulukira okha pabwalo amaseka chaka. Masiku ano ndimanena msanga, ngakhale kuti sanandiitanenso kukayimbira. Chimodzi chokha sindinaulule. Ahedi akhala akufunafuna cholembera chawo chobiriwira chosainira makalata kuyambira teremu yoyamba, mpaka anakalipira aphunzitsi onse pamsonkhano. Dzana akazi anga anatsegula makope a Sitandade 6 amene ndakhala ndikuchonga ndi cholembera chimene ndinkati n'chofiira, anandiyang'ana, n'kuwatsekanso mwakachetechete. Ndikuganizabe tsiku labwino lowauza ahedi.