Gitala ya Malemu Mbewe Inayankhula ku Ilford

Amene akufuna kunditcha wabodza akhale kaye pansi, ameze malovu, amve mpaka kumapeto, chifukwa ine Lufeyo, mwana wa ku Ntcheu, ndinamva gitala ikuyankhula Chichewa masanasana mu Ilford muno, kuno kwa azungu, pamaso pa anthu obatizidwa, ena mwa iwo akadali moyo ndipo mukhoza kukawafunsa ngati muli ndi ya basi. Mwayamba kale kuseka? Sekani, mano ndi anu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tisamazunzane. Nditafika kuno ndinkanyamulira katundu mzungu wina wokalamba wogulitsa magitala akale pa msika wa Lamulungu ku Wembley, zaka zija bwalo latsopano la mpira lidakali mafupa okhaokha, ndipo magitala a ku Japani a m'ma 70 anadutsa m'manja mwangamu ochuluka kuposa nkhunda za mumzinda uno. Ndiye mvetsani. Pansi pa nsambo za gitala yamagetsi pamakhala timabokosi tachitsulo, amati mapikapu, ndiwo makutu a gitala. Ya mtundu wa hambaka ili ndi makoyilo awiri a waya ogona pamodzi ngati mwamuna ndi mkazi, wina akayamba kung'ung'udza mnzake amamutseka pakamwa, n'chifukwa chake gitala yotero siilira mmmm ngati firiji. Ine hambaka ndinkainyambita kamodzi kokha n'kukuuzani chaka chimene inapangidwa, tauni yake, komanso ngati mayi amene anakulunga wayayo anali atakangana ndi amuna awo m'mawa umenewo. Mukumva?

Tsono kunamwalira a Mbewe, oyendetsa basi, obadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza, amene ankaimba gitala mu mpingo wathu uja wosonkhana mu holo yobwereka. Anasiya magitala awiri akuda a ku Japani, ofanana ngati mapasa. Imodzi anabwera nayo kuchokera ku Zimbabwe, ya mahambaka ake enieni akale, ndipo analonjeza kuti idzakhala ya mwana wawo woyamba, Fanuwelo, amene anatsala kumudzi chifukwa cha mapepala, osaonananso ndi bambo ake mpaka imfa. Inayo anaigula konkuno, naiika mahambaka atsopano, naipereka ku mpingo, koma mwa ukathyali wawo anavundikira atsopanowo ndi zivundikiro zakale zadzimbiri, moti ndi maso simukanasiyanitsa. Onse awiri ankagona mu kabati ya ku holo.

Thupi linali pafupi kukwera ndege, ndipo gitala ya Fanuwelo inayenera kupita nalo limodzi. A Dikoni Yotamu, amenenso ankakanda nsambo Lamulungu ndipo gitala yakaleyo ankaiyang'ana ngati nyama ya m'mbale ya mnzawo, anabweretsa onse awiri ku nyumba ya maliro, naloza imodzi kuti ya mwana ndi iyi. Namfedwa, mayi Nankhoma, mtima unawakana. Anandiitanitsa, nandikokera kukhitchini.

"Alamu," anatero, "mwana uja bambo ake awaona m'bokosi. Asalandirenso gitala yolakwika."

Ntchito yake inali yophweka: kumasula timasikuluwu, kutembenuza hambaka, kuona manambala a inki amene a ku Japani ankadinda kunsi kwake. Koma nditangotulutsa sikuludiraiva, malume a malemu, nkhalamba imene inabwera kuchokera ku Luton itavala majekete awiri, anandigwira dzanja.

"Katundu wa malemu samasulidwa mwini wake asanalowe m'manda. Mukufuna atibwerere?"

Anandilanda sikuludiraiva ija naikhalira. A Dikoni anamwetulira mpaka m'makutu.

Ndinati chabwino, lilime simundilanda. Ndinagwada pakati pa balaza, azimayi ali pansi pa makapeti ndi zitenje zawo, ndinanyambita ija analoza a Dikoni, ndipo ndinamva kandulo, chifukwa mahambaka atsopano amawaviika mu phula, koma ndisanabweze lilime maginito ake, aja akuda aukali a masiku ano, anagwira dzino langa lachitsulo nalizula ndi muzu womwe, nakoka masupuni onse a m'makapu a tiyi, makiyi a m'matumba, mapini a m'mipango ya azimayi, zipi ya thalauza la a Dikoni inatsika yokha, ndipo kunja basi yofiira ya nsanjika imene inali itadutsa kale inabwerera chafutambuyo n'kudzaima pakhomo, dalaivala akupondabe mafuta, anthu a pamwamba akutisuzumira pawindo ngati abwera kudzapepesa. Mukumva? Ndinamatula dzino langa, ndinalibwezera m'malo mwake, lilipo mpaka lero, ndi ili. Nditanyambita inayo, maginito ake anangondikoka mwaulemu ngati mwana wokoka malaya a mlendo, ndipo pa lilime panabwera fodya wa m'chigafa, fumbi la pa famu, thukuta la munthu mmodzi la zaka zambirimbiri.

Ndinati yakale ndi iyi. A Dikoni anati lilime la munthu wosapita ku mgonero si umboni.

Ndinalumikiza ampu yanga, bokosi lokuzira mawu a gitala. Malume anati pamaliro nyimbo ya Mulungu yokha, ndinati ndi yomweyo. Ndinakhudza nsambo imodzi ya gitala ija analoza a Dikoni, imodzi yokha, ndipo inakuwa mawu akuthwa ngati lumo, oti anameta malume ndevu za mbali imodzi, nadutsa pakhoma, nawoloka misewu, nafika pa mtsinje wa Thames madzi n'kuyamba kubwerera kumene anachokera, maboti a alendo akuyenda chammbuyo, mpaka ku Greenwich kuja amasungirako nthawi ya dziko lonse wotchi yawo inadzidzimuka n'kulumpha, moti tsiku limenelo ku Lilongwe anthu anaweruka kuntchito asanadye nkhomaliro, ndipo mlongo wanga anandiimbira foni kundithokoza. Kenaka ndinatenga inayo, ndinaimba nyimbo ija timaimba potsitsa bokosi, ndipo mawu ake anatuluka onenepa, ofunda, oti tiyi amene anazizira m'makapu anayambanso kufuka nthunzi, mahita a m'nyumba anazima okha ndi manyazi, mayi Nankhoma anagwira pakamwa nati, "Ndi imeneyo. Ankandiimbira imeneyo tisanakwatirane."

A Dikoni anati namfedwa amamva zimene akufuna kumva, ndipo kusiyanako ndi zala zangazi, ndikuchita dala. Anaikumbatira gitala yakale ija kuti abwerere nayo ku holo. Malume anayamba kugwedezera mutu kumbali yawo, chifukwa munthu wa tayi amamveka msanga kuposa munthu wonyambita zitsulo. Apo ndinaona kuti Fanuwelo gitala yamupita.

Ndinati dikirani, kwatsala kumodzi. Hambaka yoviikidwa mu phula ndi gonthi, imamva nsambo zokha. Koma zakale zambiri za ku Japani sankaziviika, waya wake amanjenjemera ndi mpweya womwe, ndiye ukaiyandikira n'kuyankhula imakumva ngati maikolofoni. Ndinakweza ampu mpaka kumapeto. Ndinaika pakamwa pa yatsopano ija, ndinati, "Odi!" Zii. Ndinabwereza, zii, ngati ofesi ya boma Lachisanu masana. Ndinalanda yakale ija m'manja mwa a Dikoni, ndinawerama mpaka mphuno kukhudza nsambo, ndinati, "Odi kuno!"

Sipika inakhosomola. Kenaka inati, "Odini. Mwachedwatu."

Abale anga, anali mawu a Mbewe, aja okhala ngati akutafuna mtedza. Azimayi anathawira kukhitchini onse pakhomo limodzi, malume anadzuka pa sikuludiraiva paja kwa nthawi yoyamba, ndipo gitala inapitiriza, chifukwa musaiwale, munthu uja zaka zonsezi ankakhala kutsogolo kwa mpingo ataweramira gitala yake, ndipo zonse zimene ankang'ung'udza chamumtima ulaliki ukatalika zinkalowa m'makoyilo muja n'kukhala, zaunjikana ngati madeya, ndiye tsiku limenelo zinapeza khomo. Inati abusa akati "pomaliza" ndiye kuti ayamba kumene. Inati kwaya ya amayi imayamba nyimbo ku Ilford n'kukaimalizira ku Romford, aliyense pa basi yake. Inati malume a ku Luton anabwereka jekete la ukwati ndipo mpaka pano akuti akuliyesabe. Malume anavula jekete lapamwamba mwakachetechete nalipinda. Mukumva? Kenaka inatsitsa mawu, niti, "Tsono a Dikoni Yotamu. Buledi wotsala pa mgonero amakadyera jamu kunyumba, izo tonse tikudziwa. Koma za Lachinayi lija ndinawaona pa siteshoni ya basi ku Greenwich, atagwira ambulera ya munthu wina amene si mayi a kunyumba..."

Gitala sinamalize. A Dikoni anauluka kudumpha tebulo, makapu ndi azimayi awiri amene anali atabwerako, nazula waya ku khoma ndi soketi yomwe. Anati, akupuma ngati galu, gitala iyi ndi ya mwana wamasiye, ndipo ndi tchimo lalikulu kuti igone m'dziko muno usiku wina umodzi. Anaiika okha m'chikwama chake, anaikulunga ndi bulangete kuti isamve kanthu panjira, anainyamula okha mpaka ku bwalo la ndege, ndipo akuti anaima pawindo mpaka ndege italowa m'mitambo, kuopa kuti ingatsike. Inafika. Fanuwelo anailandira pamodzi ndi bambo ake, anaiimba pamanda, ndipo ndikumva kuti akuimba nayo mpaka lero m'maukwati a kumeneko. Ija ya phula idakali mu kabati ya ku holo, a Dikoni amaikonda kwambiri, akuti ili ndi khalidwe.

Tsopano poti mwakhala chete mpaka pano, ndikupatseni kanu. Pali chimodzi chimene ndawonjezera. Akufa sayankhula mu sipika, inunso mukudziwa, musandiyang'ane choncho. Amene ankayankhula uja ndine, nkhope nditaibisa pa nsambo, ndikutulutsira mawu pakona pa mlomo, hambaka yakale ija n'kumangonditola monga mwa ntchito yake. Koma mawuwo sanali anga ayi, ngakhale limodzi. Onse anandiuza a Mbewe eni ake, tili pa mpando wakumbuyo wa basi yawo pa nthawi yopuma, tikudya tchipisi, ine ndinangowabwereka pakamwa poti pawo panali patatsekedwa. Za ambulera zija sanandiuze kuti inali ya ndani, ndipo a Dikoni akanapirira pang'ono pokha akanandipeza ndilibe chonena.