Chitsononkho m'Khosi

Lolemba
Shikola yanga ya Chiarabu yayamba, pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa Fingoe. Ana asanu ndi awiri, a mabanja athu achisilamu amene tabwerera limodzi kuchokera ku Malawi. Zida: makala, chitseko chakale cholembapo, buku limodzi lobwereka kwa Shehe a ku Tete. Loweruka abwera kudzaona. Akakhutira, shikola ndi yanga.
Lamulo: Chinyanja ayi. Wochilankhula avala chitsononkho m'khosi. Ife Chipwitikizi chinalowa ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja, tinafa ngati?

Lachiwiri
Ndifunsa m'Chiarabu, ana angoti maso tong'o. Ndifunsanso mokweza. Woyamba kuvala chitsononkho ndi Amina, mwana wanga yemwe, chifukwa chopempha madzi. Kunyumba mayi ake akuti, “Mwana angamve bwanji chinthu osamuuza kuti n'chiyani?” Iwo poti anapitako ku madarasa kukaphunzira Chiarabu ali mtsikana, basi adziwa zonse.

Lachitatu
Abwera asanu. Atsala anayi, chifukwa wina wadzikodzera. Kupempha kutuluka m'Chiarabu sadziwa, m'Chinyanja aopa. Bambo ake andipeza pamsika: “Mwayesa Apwitikizi abweranso?” Ndapsa mtima.

Lachinayi
Zii. Palibe wolakwa lero, chifukwa palibe wolankhula. Madzulo ndimva Amina ndi mayi ake akusenda mtedza, uku akutchula zilembo, uku akumasulirana m'Chinyanja, uku akuseka. Pakhomo panga pomwe!

Lachisanu
Tsiku lopatulika, koma satana sapuma. Ndikulemba pachitseko, msana kwa ana, buku pamphasa. Kucheuka, mbuzi ya a katekisita ili ndi buku la Shehe kukamwa. Yayambira kumanja, ngati yophunzira. Ana anayi akungoyang'ana.
Ndakalipa m'Chinyanja: bwanji osanena? Amina akuti, “Mbuzi m'Chiarabu simunatiphunzitse, ababa.” Kenaka wavula chitsononkho n'kundipatsa.
Zotsala: chikuto, masamba asanu ndi limodzi, malovu.

Loweruka
Shehe afika panjinga yamoto, fumbi lokhalokha. Aona chikuto, n'kuchiika pambali. Bola akanandikalipira. Akhala pamphasa n'kuyamba kucheza ndi ana m'Chinyanja, munthu amene anakaphunzira Chiarabu kutsidya kwa nyanja! Ana pakamwa patseguka. Koma wowerenga mzere wathunthu n'kunena tanthauzo ndi Amina yekha. “Wakuphunzitsa ndani?” “Amayi.”
Ndayesa kufotokoza za mbalamatodya. Shehe akuti, “M'kalasi mwanu munali ana angati? Anatsiriza angati?” Tinatsiriza awiri.
Shikola aipereka kwa mayi a Amina.

Lamulungu
Ana asanu ndi awiri onse abwera, ndi wodzikodzera yemwe. Chitseko ndanyamula ndine. Aphunzitsi atsopano andipatsa ntchito: kukhala kumapeto kwa mphasa ndi ndodo, kuingitsa mbuzi. Mtima ukuwawabe.
Ndikuziingitsa m'Chinyanja. Zikumva.