Tsiku limene ndinakhalitsa chete msika wa pa Boma

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa pa Boma, anyamata a kabaza amasiya kuliza mabelu n'kuika chala pamlomo. Akuti ndi ulemu. Si ulemu ayi, akundinyogodola, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha chifukwa chake wina asanaithire mchere nkhaniyi. (Ine sukulu sindinaipondeko. Akundilembera ndi mpongozi wanga, ndipo ndamuuza kuti azilemba kaye, kuseka pambuyo.)

Chaka chathachi, nyengo yokolola mpunga, kunabwera alendo asanu, anthu aluso ochokera m'maiko osiyanasiyana. Anachita lendi nyumba ina yakale ya kumsewu wopita kudoko, akuti akhalamo mwezi wathunthu, kudya limodzi, kugwira ntchito limodzi. Ntchito yake? Kutola mawu a tauni yathu. Ine ndimadziwa kutola nkhuni ndi mango, koma zoti mawu amatoledwa ndinali ndisanamvepo. Ankayenda ndi timakina komanso ndodo yovala ubweya ngati mchira wa gologolo, n'kumatchera khutu kuchigayo, kumzikiti, ku belu la tchalitchi chathu, ngakhale kwa amisiri okhoma maboti.

Wowatsogolera anali mayi wina wa ku Lilongwe, dzina lake Tamanda. Iyeyu anandipeza pakhomo, atamva kuti ine tauniyi ndinaiona isanamere mano.

"Agogo, tikufuna anthu akale ayende ndi kamakinaka m'malo amene amawakumbukira. Inu tikupatsani msika. Muzingoyenda basi, kokha kazimva."

"Nanga ndiziyankhula chiyani?"

"Musavutike ndi kuyankhula. Koma pali mawu amodzi amene tikuwafunitsitsa, kuitanira malonda kwa Abiti Saidi. Tamva kuti Loweruka lino ndi lomaliza kugulitsa."

Abiti Saidi ndi mnzanga wa paubwana. Iwo Asilamu, ine wa kutchalitchi, koma madzi tinkatunga pa chitsime chimodzi. Moyo wawo wonse agulitsa zitumbuwa za mpunga pakhomo la msika, akuitanira kuti, "Zamotoo! Wochedwa adya fungo!" Ana amene anakulira mawu amenewo pano ali ndi imvi. Koma miyendo inayamba kuwakana, ndiye mwana wawo anati awatenge akakhale nawo ku Lilongwe. Alendo aja anayeserapo okha kuwajambula, koma Abiti akangoona ndodo ya ubweya ija ankangoti pakamwa tseke, ngati mkamwini pamaso pa apongozi. N'chifukwa chake anatuma ine, munthu amene sangamuchitire manyazi.

Loweruka m'mawa Tamanda anandikoleka kamakina kaja m'khosi. "Kagetsi kofiiraka kakayaka ndiye kuti kakumva. Zimene kamve lero tidzamvetsera tonse mu holo, kenako anzangawa adzapita nazo kwawo."

Apo ndi pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito imene sunatumidwe. Ndinati: aka si kachitsulo wamba, ndi mlendo. Makutu a maiko ali pachifuwa panga. Ndipo ife tinaleredwa kuti mlendo akamabwera umasesa pabwalo, mbale zakuda umabisa, ana umawakhalitsa chete. Ndiye ine ndilole kuti maiko akamve zoti a ku Nkhotakota timasokosera ngati akhwangwala pa dzala? Ndinamanga chitenje changa cha Lamulungu, ulendo wokasesa msika.

Woyamba anali wakabaza wina amene ankabwera akuliza belu.

"Iwe, belu lakolo. Sukuona kuti ndili ndi alendo?"

Anayang'ana kumbuyo kwanga, osaona munthu, koma anagwira belu lake ndi dzanja n'kudutsa mwakachetechete. Mtima wanga unati, eya, ntchito yayamba bwino.

Ndinalowa kwa amayi a tomato, amene ankakangana za malo. Ndinawauza kuti mkanganowo ausunge, adzaupitirize Lolemba. Kwa ogulitsa usipa ndinalamula kuti mtengo azinenerera monong'ona. Wogulitsa nyama, amene ankakhapa mafupa pa chitsa, ndinamupempha kuti azikhapa mofatsa. (Anandifunsa kuti fupa limakhapidwa bwanji mofatsa. Ndinamuyankha kuti amayi ake ndinkawadziwa, sanali amwano.) Tambala wina amene anali m'dengu atakoka khosi kuti alire, ndinamugwira mlomo ndi zala zangazi mpaka anasintha maganizo.

Kenaka zinthu zinayamba kuyenda zokha. Sindikudziwa amene anayambitsa, koma mbiri inathamanga kutsogolo kwanga kuti gogoyo wavala makina ogwira anthu osalipira chiphaso cha msika. Ndikamafika pa mzere, ndinkapeza anthu atakhala kale chete, ena akupinda malonda. Mnyamata wogulitsa nyimbo anazimitsa yekha chimkuzamawu chake. Msika wa Loweruka unangoti zii, ngati pa siwa. Ine ndinkayenda pakati pake mutu uli m'mwamba.

Ndinamaliza ndi pakhomo paja. Abiti Saidi atandiona anamwetulira, n'kukoka mpweya monga mwa masiku onse.

"Zamo..."

"Aa, achemwali, motsitsa. Itanirani ndithu, koma mwaulemu. Pa ukalamba wathuwu tizikuwa pamaso pa alendo?"

Anandifunsa motsitsa mawu.

"Kani zaka zonsezi mawu angawa amakuchititsani manyazi, achemwali?"

Anavundikira beseni lawo ndi nsalu, osaitaniranso tsiku lonse. Mumtima munandilasa pang'ono, koma ndinadzilimbitsa kuti adzamvetsa.

Tamanda atamvetsera zimene ndinabwera nazo, anagwira pakamwa. Kenako anandifunsa ngati ndingalole kuti anthu adzamve zimenezi.

"Ikani zonse, mwananga," ndinatero. "Ndinakhetsera thukuta."

Tsiku lomvetsera linali Lachisanu masana, anzathu atatuluka mumzikiti. Holo inadzaza. Abiti anabwera ndi mwana wawo, poti ulendo unali wa m'mawa mwake, ndipo anakhala patsogolo osandiyang'ana. Alendo aja anaika zimkuzamawu m'ngodya zonse n'kutipempha kuti titsinzine. Tinamva chigayo, tinamva kuitanira mapemphero kukukumana ndi belu lathu m'mlengalenga. Kulira kwa sitima ya panyanja kutamveka, bambo wina wokalamba pafupi nane anapukuta misozi, akuti wakumbuka tsiku limene anaperekeza mkulu wake padoko. Pamenepo ndinazindikira kuti zimene anthu ankalirira ndi phokoso lomwe lija ine ndinkasesa.

"Tsopano msika," anatero Tamanda.

Kunamveka patapata wanga, phwa, phwa, phwa. Kunamveka kupuma kwanga, ngati ng'ombe yokoka ngolo. Kenaka mawu anga, aakulu kuposa sitima ija: "Iwe, belu lakolo."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Aliyense ankadzizindikira pamene ndikumukalipira, n'kumadziloza. Wogulitsa nyama anaseka mpaka kutsokomola. Tambala uja atamveka akuyamba kulira n'kuthera panjira, ngakhale alendo osamva Chichewa anagwira nthiti. Mumsika monse munalibe mawu a wina aliyense koma a ine ndekha, mayi wodana ndi phokoso.

Kenako kunamveka "Zamo...", ndi kudzudzula kwanga kuja, ndi funso la Abiti. Kuseka kunatha. Tamanda ankathamangira kukazimitsa, koma anachedwa.

Ndinaimirira. "Mawu amenewa ndinawatsekereza ndine. Ndiwabweza ndine."

Ndinakoka mpweya n'kuitanira. Chimene chinatuluka, abale anga, chinali ngati mbuzi yokoledwa ndi chingwe pakhosi. Ndinayesanso kachiwiri, kunaipiratu.

"Zitumbuwa zanuzo ndi za dzana," anatero Abiti, osatembenuka. "Angagule ndani? Khalani pansi, mukundiipitsira malonda."

Anagwira ndodo yawo, mwana wawo n'kuwadzutsa. Anatembenukira anthu.

"Zamotoo!"

Ndipo holo yonse, a imvi ndi ana omwe, inayankha pamodzi: "Wochedwa adya fungo!"

Nditayang'ana pa tebulo la Tamanda, kagetsi kofiira kaja kanali koyaka.

M'mawa mwake ndinapita kudepoti kukawaperekeza. Anandipatsa zitumbuwa ziwiri zokulunga m'pepala, zozizira. "Zofanana ndi mawu anu," anatero, n'kundigwira dzanja osalisiya mpaka minibasi inaliza injini.

Ndiye ndinaphunzira kuti phokoso la kwanu si zinyalala, silisesedwa. Ndinaphunziradi. Koma mpongozi wangayu akuti ndiulule kuti tisanayambe kulemba nkhaniyi ndinathamangitsa nkhuku pakhonde n'kuzimitsa wailesi, kuopa kuti inu owerenga mungamve phokoso.