Tsiku Limene Ndinagwira Chitseko cha Ndege

Inu mukusekera kumbuyoko, munakwerapo ndege, kapena mumangoibayibitsa ikamadutsa pamwamba pa Kawale? Khalani chete ndikuuzeni ine Mbewe, amene ndagwira chitseko cha minibasi ya ku 25 mpaka phewa ili kupindika.

Mwana wa mlongo wanga, Yohane, anapeza mbeta ku Kasungu, nkhoswe yake ine. Akuchikazi tinali titawajomba kawiri, ndiye anatumiza mawu kuti Loweruka limenelo tambala wa chinkhoswe akapanda kufika dzuwa lili pamutu, mtsikana amupereka kwa mphunzitsi wina. Yohane anasiya kudya. Loweruka kukucha ine ndili ku Karonga kogula mpunga wa paphwando, tambala ali m'khwapa, mlatho wakokoloka, msewu watsekeka. Mtima unandiwawa zedi.

Ndinathamangira kubwalo la ndege. Panali kandege kamodzi, kotopa ngati minibasi ya ku Mgona, payiloti atakhala pansi pa phiko. Akuti, "Bambo, Kasungu ndi ulendo wa maola awiri, mafuta ndi ochepa, batire linafa." Ndinati, "Achimwene, inu gwirani chiwongolero, zinazo ndi ntchito ya kondakitala."

Ndinakakankha ndekha, thumba la mpunga lili kumsana, ndikukuwa kuti ikani giya thuu, kanatsokomola, kanalira, kanadzuka, ine n'kuthamanga nako m'malere mpaka ndinadumphira pachitseko, mwendo umodzi uli panja monga mwa ntchito yathu. Mukumva? Kondakitala sayenda ndi mpando wopanda munthu, ndiye tikudutsa pa Nyika ndinatola mayi wina ndi mtolo wake wa nkhuni pamwamba pa phiri osaimitsa ndege, pa Rumphi ndinatola abusa ndi njinga yawo, onse ndinawapanikiza folofolo, anayi pampando umodzi, ndipo payiloti atafuna kutsata njira ya pamapu ndinamukhotetsera kuseri kwa mitambo, mashotikati ngati a ku Biwi aja othawira mzere wa magalimoto. Mtunda wa Mzuzu wonse tinaudumpha osauona.

Pa Chikangawa mafuta anatheratu. Payiloti anayamba kupemphera, abusa n'kumamuthandiza. Ndinati zimitsani injini, ikani nyutulo, kodi simudziwa kuti kuchokera kumpoto kubwera kuno n'kotsetsereka? Abale, kandege kanatsetsereka, mphepo inandimeta ndevu, tambala anathothoka nthenga zonse n'kumera zina, tinapitirira mthunzi wathu, tinapitirira dzuwa lomwe, ndipo nditaona fodya wa ku Kasungu ndinamenya denga kawiri, ndege n'kuima njii pabwalo ngati pasiteji. Ndikulumbira, titatsika tinapeza kuli Lachisanu. Ulendo wa maola awiri tinauyenda n'kubwezeredwa tsiku lathunthu.

Ndinakafika kwa akuchikazi akusinja ufa wa mawa lake. Ndinagona pakhonde pawo ndi tambala wanga kuti wina asandipitirire, ndipo kutacha ndinamupereka m'manja mwa amalume a mtsikana, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Yohane analira ngati mwana.

Banjalo lilipo, ali ku Chinsapo, kafunseni. Mkazi wakeyo adzakuuzani kuti ndinafika pa lole ya fodya, fumbi lili mbuu, anthu atayamba kale kubalalika. Musamumvere. Tsiku limenelo iye anali atamufunditsa chitenje kumutu mpaka kumapazi, ndiye anaona chiyani?