Bai Zhelyo ndi mawu omezanitsira maapozi

Palibe mlendo amene anadutsa m'mudzi mwathu osagwidwa mkono ndi Bai Zhelyo n'kufunsidwa funso lawo lija: "Kwanuko kumezanitsa mtengo mumati chiyani?" Ife timati ashladisvam, ndipo mawu amenewa ndiwo anawasowetsa mtendere zaka makumi awiri.

Anayambitsa ndi aphunzitsi Gochev, amene ananena pamowa kuti buku likuti mawuwa tinabwereka kwa Ataki, anthu a ku Turkey, kutsidya kwa malire athu. Bai Zhelyo anamenya tebulo mpaka rakiya, kachasu wa kwathu kuno, kutayika.

"Aphunzitsi, agogo anga ankamezanitsa maapozi wolemba bukulo asanamere mano! Mawuwa ndi athu."

"Bweretsani umboni, Bai Zhelyo."

"Ndibweretsa, ngakhale ndifere m'njira."

Anakwera bulu, mpeni m'thumba, timphukira ta maapozi awo m'nsanza yonyowa, n'kuyamba kufunsa nkhalamba mudzi ndi mudzi. Vuto linali lakuti iwo analeredwa mwachikale: apozi wakutchire ukamupeza pamsewu sumulambalala, umamumezanitsa kuti odutsa adzadye. Ulendo wa maola awiri unkatha masiku atatu. Buluyo anafika pozolowera, akaona mtengo ankaima yekha.

"Mawu aja mwawapeza?" ankafunsa akazi awo, a Stanka.

"Ndapeza mitengo isanu ndi iwiri."

"Tomato wanu wauma uko, inu muli kalikiliki kudyetsa dziko!"

Malire atatseguka anawolokera ku Turkey. Kumeneko anapeza nkhalamba ina ikumezanitsa, ndipo itafunsidwa inatchula mawu ofanana ndi athu. Tinati basi, mkulu uja wagonja. Anabwera nkhope ili ngwee.

"Mwaona, aphunzitsi? Anatibera kalekale! Tsopano ndifufuza tsiku lake."

Tsikulo sanalipeze. Anamwalira mitengo ikuchita maluwa, ndipo a Stanka anapereka kwa a Gochev kope limene malemuwo ankalembamo za maulendo awo. Umboni munalibe ngakhale mzere umodzi. Tsamba lililonse linali la mitengo: uli pati, unamezanitsidwa liti, wagwira kapena ayi.

Ndimawasowa, zoona. Masiku ano mlendo amadutsa mkono wake uli waufulu, ndipo pamowa tebulo limakhala louma. Koma kuchokera pano mpaka kumalire msewu wonse ndi maapozi okhaokha. Chaka chatha ndinapeza a Gochev, ndi ukalamba wawo wonse, atagwada pa kamtengo kakutchire, mpeni wa Bai Zhelyo uli m'manja.

"Aphunzitsi, si inu munapambana mkangano uja?"

"Buku linalondola," anayankha osadzutsa mutu. "Koma silinabalepo chipatso. Tagwira nsanzayi."