Nthenga ya Nkhanga ndi Besi Wosokoneza

Lolemba, Julaye 1996

Lamulungu likudzali makwaya onse a kuno akumana ku Mwase, ndipo mwana wa abusa adzajambula nyimbo pa kaseti. Kaseti siiwala. Vuto ndi lakuti m'kwaya yanga muli wa besi mmodzi amene amatsikira yekha kudambo anzake ali kumtunda. Ndimamumva nthawi zonse koma sindinamugwirepo. Sabata ino ndimugwira, ndimukhazike pansi asanatichititse manyazi.

Khutu langa ndi lodziwika dera lonse lino. Kwayayi ndinaipeza ikulira ngati achule, ndine ndinaiwongola. Ndimatsogolera, ndimaimbanso besi kuti ndilimbitse anzangawo.

Oganiziridwa:
a Zimba, amaimba atatsinzina
a Mtonga, mano akutsogolo kulibe
Lungu wa kugolosale, nkhope yake yokha

Choyamba ndiyeretse chida changa, khutu. Ndasankha nthenga ya nkhanga, ya nkhuku ndi ya anthu wamba. Ndaisosola bwinobwino, ndasiya kansonga kofewa.

Lachiwiri

Pa ngolo ya mlamu wanga Jere, tikupita ndi mtedza ku msika wa Lundazi. Njira ndi yaitali, ndiye ndikuti ndigwire ntchito ziwiri pamodzi. Nthenga m'khutu lamanja, ndikupotokola pang'onopang'ono, kukoma kwake! Ng'ombe zaona madzi pakamtsinje, zayamba liwiro. Gudumu m'dzenje, khu! Nthenga yalowa mpaka kumene sinaitanidwe.

Ululu wosaneneka. Kenako chinthu chofunda chikutsikira m'khosi. Magazi!

Jere akuti, "Mulamu, kiliniki ili pafupi apa, tipatuke." Ndakana. Mtsogoleri wa kwaya sangakhale pa mzere pamodzi ndi amayi a sikelo chifukwa cha nthenga. Ndatseka ndi thonje la m'munda mwanga.

Kumsika anthu akuganiza kuti ndamenyana ndi akuba. Sindikuwatsutsa.

Lachitatu

Khutu likulira ngati nyenje. Kumanja sindikumva kanthu, ndipo a besi amaima kumanja komweko. Ndawasamutsira kumanzere. Chodabwitsa, mawu anga tsopano akumveka m'mutu ngati ndikuimbira mumgolo. Sindinkadziwa kuti ndi aakulu chonchi!

Wosokoneza uja alipobe, lero ndiye wanyanya. Ndawakhazika pansi a Zimba. Sizinasinthe. Komabe akhale, ndinanena kale.

Aliyense wasanduka dokotala:
mafuta ophikira a saladi ofunditsa, akutero amayi a chigwirizano
mkaka wa m'mawere, akutero a Mtonga, osanena kuti ndikaupempha kwa ndani
madzi a fodya, akutero Jere

Ndasankha fodya, chifukwa wanga ndi wabwino kuposa wa aliyense kuno. Ndathira madontho. Moto! Ndazungulira nkhokwe ndikudumpha, agalu akundithandiza. Mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito.

Lachinayi

Pilo ili ndi magazi osakanikirana ndi mafinya. Thupi latentha. Ntchentche zikundiperekeza mpaka kutchalitchi, zokhulupirika kuposa akhristu ena.

Ndawakhazika pansi a Mtonga. Wosokoneza alipobe. Ndamukhazikanso Lungu. Besi ndatsala ndekha, ndipo mawu oipa aja akumvekabe! Ndiye kuti abisala mwa a tena. Wochenjera munthuyu.

Pakati pa nyimbo tchalitchi chayamba kuzungulira. Ndakumbatira guwa. A sopulano akuganiza kuti ndi kavinidwe katsopano, ena ayamba kutsanzira.

Kunyumba mkazi wanga NyaBanda sakufuna zokambirana. Akuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo mawa andinyamula ndifune ndisafune. Ndili ndi mantha pang'ono, koma izi ndalemba muno mokha.

Lachisanu

NyaBanda akupalasa njinga, ine pakaliyala. Mudzi wonse uli panja kundipatsa moni wa m'mawa, "Mwawuka uli, adada?" mbali zonse. Ndakhala mowongoka, ndikukweza dzanja ngati nduna.

Anesi aunika ndi katochi, akwinya nkhope. Mafunso: Kodi ndinagwa n'kumenyetsa mutu? Akuti zikatero magazi a m'khutu si nkhani yamasewera, munthu amathamangira naye ku chipatala cha ku boma tsiku lomwelo. Ayi. Kodi wina anandiwomba mbama? NyaBanda akuti sanafikepo. Kodi khutu linkatuluka mafinya kale? Ayi. Nanga n'chiyani? Nthenga. "Ya nkhanga," ndawonjezera, kuti adziwe munthu amene akulankhula naye.

Akuti ndaboola nembanemba ya m'kati imene imagwira mawu. Ikanatha kupola yokha, koma fodya ndi thonje lakuda zabweretsa matenda. Za fodyazo aitana mnzawo kuti adzamve yekha.

Malamulo:
mapiritsi mpaka athe, osasiyira panjira
m'khutu musalowe madzi, mafuta, machesi, nthenga, kaya ya mbalame yanji
osamina mwamphamvu
kubwereranso kuti akaone ngati yalumikizana

Ndafunsa za Lamulungu. "Atate, muyenda monga mwamwa kachasu. Mukaimilila kutsogolo muzagwa pamaso pa abusa. Mukankhale pa benchi."

Loweruka

Ndodo ya utsogoleri ndapereka kwa NyaMwale wa alito, kwa tsiku limodzi lokha, ndanenetsa. A besi atatu aja ndawatumira uthenga kuti ndawakhululukira, abwerere. A Zimba abweza yankho lakuti sakudziwa chimene analakwa, koma abwera chifukwa cha Mulungu.

Ndagona tsiku lonse. Mafinya achepa. Mtima ndiye ukuwawa: wosokoneza sanagwidwe, ine wowalimbitsa kulibe, ndipo kasetiyo idzamveka mpaka ku Chipata, anthu n'kumafunsa kuti anawaphunzitsa ndani.

Lamulungu

Ku Mwase. Benchi yakutsogolo, khutu labwino ndaloza kwa ana anga a kwaya. Ndime yoyamba, bwino. Ndime yachiwiri, pamene mdani amatsetserekera nthawi zonse, ndagwira benchi. Palibe! Besi yawongoka ngati mzere wa fodya. Nthungululu tchalitchi chonse, abusa aimirira. Misozi yanditsika, ndine ndinawaphunzitsa anthu amenewa.

Ndikumunong'oneza NyaBanda kuti wosokoneza uja wachita mantha, lero wangokhala chete.

"Inde, atate a Temwa, ali chete. Ali pa benchi, amwa mapilitsi."

Ndayang'ana benchi yonse. Pali ine, iye, ndi nkhalamba ina yogona.

Panja ndawafunsa a Zimba. Akanda m'mutu, akuti kwaya yonse yakhala ikudziwa kuyambira kale, koma palibe wina wodziwa kuphunzitsa ngati ine, ndiye ankangokweza mawu kuti andiphimbe. Ndavomera mbali ya kuphunzitsayo, ndi yoona.

Anesi anati khutu lipola pakapita milungu ingapo. Likapola ndibwerera kutsogolo, malo ndi anga, NyaMwale wanena yekha. Akulu a kwaya apempha kuti ndizitsogolera ndi manja, popeza manja anga ndi abwino kwambiri. Za pakamwa akuti ndisafulumire, ndipume ndithu.

Chabwino. Manja.